Ndinatsuka Mbiya ya Amayi

Mbiya ya thobwa ya amayi inkakhala kuseri kwa chitseko cha khitchini, m'nyumba yathu ya ku Rutendo, komboni ya ku Redcliff m'dziko la Achishona, itakhazikidwa pa nkhata ya nsanza, pamwamba pake pali mbale yachitsulo yothothoka utoto. Inali yakuda bii, ya kukamwa kotakata, ndipo m'khosi mwake munali mng'alu umene bambo anaumanga ndi waya wa kuntchito kwawo. Amayi anachoka nayo ku Ntcheu ali mkwatibwi, ataifungatira pamiyendo ulendo wonse wa pabasi, chifukwa anakana kwamtuwagalu kuti kondakitala aiike padenga pamodzi ndi matumba. Katundu wina yense wa ulendo umenewo anatha kalekale. Mabulangete anang'ambika, sutikesi inadyedwa ndi makoswe, koma mbiya inatsala.

Ife ana tinakula tikudziwa kuti mbiya ija sigwiridwa. Amayi okha ndiwo ankatungamo, atasamba m'manja, ndi chikho chake chimene sichinkagwira ntchito ina iliyonse. Thobwa likatsala pang'ono kutha ankasiya la pansi, n'kuthira latsopano pamwamba pake. Akafuna kuiyeretsa ankayamba akhuthulira la pansi lija m'kapu, n'kuitsukuluza ndi madzi ofunda, kenako n'kubwezeramo. Sopo sanalowemo chibadwire changa. Anzathu Achishona ali ndi maheu awo, okoma ndithu, koma bambo ankati thobwa la mkazi wawo lili ndi mano. Linkayamba kutsekemera palilime, kenako n'kukuluma pang'ono kuseri kwa nsagwada, ndipo ludzu linkathera pomwepo. Bambo ankagwira ntchito pa ng'anjo ku fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff, ndipo akaweruka ankabwera ndi anzawo awiri kapena atatu, nkhope zili psuu ndi moto, n'kukhala pakhonde osalankhula mpaka makapu atauma.

Fakitale itazima, bambo sanakhalitse. Tinawaika m'manda a konkuno, ndipo chiliza chawo chinachedwa monga zimachedwera zinthu m'tauni imene utsi unaleka kufuka. Achimwene anga anali ku Joni, mng'ono wanga ku Botswana, ndipo panapita zaka tisanagwirizane za Loweruka limodzi loti tonse tikhalepo, tivundukule chiliza, mwambo umene kuno amati kuvhura dombo. Amayi anangopempha chinthu chimodzi. Anati tiphike zimene tikufuna, tigule zimene tikufuna, koma aliyense wobwera ayambe wamwa thobwa la m'mbiya, lomwe lija ankamwa mwini nyumba.

Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku Kwekwe, mu labu yaing'ono yoyeza madzi ndi zakudya. Musaganize zazikulu. Ntchito yanga inali kutsuka mabotolo ndi timbale tagalasi, kukolopa, ndi kuphika ziwiya m'chimphika cha nthunzi kuti tizilombo tife. Koma ndinkavala gauni yoyera, ndipo gauni yoyera imazunguza mutu wa munthu. Kumeneko ndinaphunzira zinthu zoona zimene sindidzazisiya: kusamba m'manja ndi sopo, kuwiritsa madzi a pa mjigo, kusadulira matimati mpeni umene wadula nkhuku yaiwisi, kusasiya chakudya chophika chikhale chofunda tsiku lonse chifukwa kufunda ndiko tizilombo timakonda. Vuto langa linali loti ndinkaona mdani paliponse. Ndikalowa m'khitchini ya munthu, maso anga ankayamba ndi chinsanza chopukutira mbale. Chaka chimenecho kolera inali itamvekanso m'matauni, madzi a pampopi ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye ine ndinkadziona ngati mlonda wa banja lonse.

Ndinapempha tchuthi cha sabata, ndipo Lolemba ndinafika ku Rutendo. Amayi anali atapita kumsika ku Kwekwe kukafuna mawere owonjezera, choncho ndinayamba ndekha kuyeretsa khitchini. Ndinatsitsa mbale zonse, ndinakwecha mashelefu, ndinataya zinsanza ziwiri. Kenako ndinatseka chitseko kuti ndikolope kuseri kwake, ndipo ndinapezana ndi mbiya. Nditachotsa mbale ija ndinaona thobwa lapansi lochepa, lolimba ngati phala, ndi chikhungu chabulauni chitamatirira m'mbali monse mpaka kukhosi. Fungo lowawasa linandimenya pamphuno. Ndinaganiza za anthu amene adzamwe Loweruka, nkhalamba za ku ng'anjo, amayi a kutchalitchi, makanda a achimwene anga ozolowera madzi a m'mabotolo. Ndinaganiza za kolera. Sindinachite mwachipongwe ayi, mtima wanga unali woyera ngati gauni yanga.

La pansi lija ndinalitaya m'ngalande. Ndinatulutsa mbiya panja, ndinaikwecha ndi waya wotsukira mapoto ndi sopo mpaka mapewa kuwawa, kenako ndinaidzaza madzi a klorini n'kuisiya maola awiri. Nditaitsukuluza ndinadabwa, chifukwa m'kati mwake munatuluka dothi lofiira limene sindinalionepo, ndi timizere ta zala za amene anaiumba. Ndinaiika chozondoka pakhonde kuti iume, n'kuimirira patali kuiyang'ana, manja ali m'chiuno, ndikudikira kuyamikiridwa.

Amayi atalowa pageti anaima. Anatula thumba la mawere pansi mosamala, anapita pa mbiya, anaitembenuza, n'kulowetsa mutu m'kati. Anakhala choncho kanthawi.

"La pansi lija waika kuti?" anandifunsa mutu udakali m'mbiya.

"Ndataya, amayi. Linali litaipa."

"Wataya."

Anakhala pa sitepe ya khonde, manja ali pamaondo. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa ndinali ndi mayankho okonzeka. Popeza sanatero, ndinayamba ndine kulalikira, Chichewa chikusakanikira ndi Chishona. "Amayi, munali majeremusi okhaokha m'menemo. Kunjaku kuli kolera, handiti mukudziwa? Anthu akadwala pano Loweruka adzati chiyani?"

"Zaka makumi anayi ndikuphika thobwa m'nyumba muno," anatero amayi. "Tchula munthu mmodzi amene anatsegula nalo m'mimba."

Ndinafufuza m'mutu, sindinapeze ndi mmodzi yemwe. Koma ine sindigonja msanga. "Unali mwayi chabe," ndinatero.

"Wapha mbiya yanga, mwana iwe."

"Mbiya ndi dothi, amayi. Dothi silifa."

"Tiona," anatero, n'kunyamula thumba lawo kulowa nalo m'nyumba.

Lachiwiri anaitsukuluza kasanu ndi madzi owiritsa mpaka fungo la klorini litatha, n'kuphika thobwa pang'ono loyesera. Anaphika monga ankaphikira nthawi zonse: phala la mgaiwa lamadzimadzi, kulidikira lizizire mpaka chala chipirire, kuthira chimera cha mawere, kutakasa mpaka phala lisungunuke n'kutsekemera, kuliwiritsanso kachiwiri, kulipoza, kulithira m'mbiya, kuvundikira. Palibe chimene anasintha. Lachitatu analawa n'kundipatsa kapu. Linali lotsekemera basi, lopanda mano, ngati phala la mwana. Ndinati mwina likufuna tsiku lina. Unali mwezi wa Okutobala, malata ankalira ndi kutentha, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti kutentha kotero chilichonse chimasasa.

Lachinayi m'mawa fungo linatipeza tisanachotse n'komwe mbale. Silinali fungo lowawasa lija, linali la chinsanza chonyowa chimene chaiwalika m'ndowa. Amayi anamiza chikho n'kuchikweza, ndipo thobwa linakwera nacho likunanda ngati therere, ulusi wake osaduka. Mbiya yoyera kwambiri mu Rutendo monse, imene ndinaitsuka ndi manja anga potsata malamulo onse a kuntchito, ndi imene inatulutsa chinthu choti ngakhale galu sangayandikire. Alendo oyamba anali oti afika mawa lake.

Amayi anakataya okha kuseri kwa nyumba. Pobwera anati, "Madzi akatayika saoleka. Bambo ako tidzawavundukula ndi zakumwa za m'mabotolo, ngati munthu wopanda kwawo." Sanalire, koma mawu amenewo anandilasa kuposa misozi.

Kenako anandiuza chinthu chimene ndinkachiona ndili mwana koma osachimvetsa. Kale, mayi wa kwathu akagula mbiya yatsopano, sankangoyamba kuphikiramo. Ankabwera ndi kabotolo kwa mnzake wa mbiya yakale kudzapempha mbewu, kutanthauza thobwa la pansi lija, kuti akadzutsire yake. Ambiri mu Rutendo anatenga mbewu kwa amayi. Koma amayi anawawerenga pa zala: awa anamwalira, awa anatsatira ana ku Joni, awa anasiya zophika thobwa chifukwa cha shuga. Anatsala mmodzi, azakhali anga, mlongo wa bambo, amene ankakhala ku Gaika, kunja kwa tauni ya Kwekwe.

"Pita wekha," anatero amayi. "Ndipo ukawauze ndi pakamwa pako zimene wachita."

Ndisananyamuke ndinakokota thobwa lovunda lotsalira m'mbiya n'kuliika m'kabotolo, mobisa. Ndinkafuna kukaliyezetsa kuntchito, chifukwa kamtima kena kankandinong'onezabe kuti cholakwa ndi chimera, osati ine.

Ku Gaika ndinafika dzuwa litakwera, fumbi lili koboo, zigayo zophwanya miyala ya golide zikugunda osapuma. Azakhali ankagulitsa thobwa kwa makorokoza, anyamata okumba golide aja, ndipo ndinawapeza pakhomo akutsuka makapu. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo chiyambire ubwana wanga ndimaopa lilime lawo. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kufotokoza zonse osabisa. Anasiya kapu n'kuwomba m'manja.

"Maiwe! Dokotala wa banja lathu! Wachiritsa mbiya mpaka yafa?" Anaseka chikhakhali mpaka kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Shuwa, safunsa anadya phula. Ndiye alamu anga ali bwanji?"

"Sakulankhula, azakhali."

Kuseka kunatha. Anandilowetsa m'nyumba, anasamba m'manja, n'kuvundukula mbiya yawo. Fungo limene linatuluka linali la khitchini ya amayi, lenilenilo, moti ndikanatsinzina ndikanalumbira kuti ndili ku Rutendo. Uku akutunga, anandiuza kuti mbewu yawo anaitenga chaka chimene ine ndinabadwa, m'botolo la jamu, ataliika pachifuwa m'kati mwa malaya chifukwa kunali chisanu. Kuchokera mu yawoyo ina inapita ku Amaveni, ina ku Torwood, ina kwa anthu akwathu a m'mafamu a ku Gweru. Anandidzazira chigubu, akukokota la pansi penipeni.

"Mphamvu ili pansi, mwanangu," anatero. "Usamange kwambiri chivindikiro. Limapuma."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti thobwa silipuma, koma ndinatsekanso. Sabata imeneyo ndinali nditaphunzitsa anthu mokwanira.

Kombi, ndiye minibasi kuno, yopita ku Redcliff imakwereredwa m'tauni ya Kwekwe, ndiye ndinapatukira kuntchito. Woyeza wamkulu mu labu yathu anali mayi wa ku Bulawayo, wosalankhulalankhula, amene tonse tinkamutchula kuti sisi. Ndinamuikira patebulo kabotolo kovunda ndi kapu ya thobwa la azakhali, n'kumufotokozera. Sanandiseke. Anadonthetsa dontho la lililonse pa kagalasi kake, anaika koyamba pa maikulosikopu, makina aja okuza zosaoneka ndi maso, anapotokola pang'ono, n'kusuntha mpando.

"Tarisa," anatero m'Chishona, kundiuza kuti ndiyang'ane.

Zaka zitatu ndinkatsuka timagalasi timeneto, koma diso langa linali lisanalowepo m'makinawo. Poyamba ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga. Kenako zinaonekera. Munali timitengo tonenepa, tolumikizana ngati mfundo za nzimbe, ndipo m'kati mwa tina munali kadontho konyezimira. Sisi anandifotokozera kuti amenewa ndi a m'dothi, amabwera ndi ufa, ndipo ali mu ufa wa m'nyumba iliyonse. Zinthu zikawavuta amadzikulunga kukhala kambewu kolimba, kadontho konyezimira kaja, n'kugona. Moto wa phala sukapsereza kambewuko. Phala likazizira n'kufika pofunda amadzuka, ndipo akapeza palibe wowatsekereza amadya, amaswana, n'kunanditsa chakudya. Ena a mtundu wawo amasiyamo ndi poizoni wosanzitsa.

"Ndiye anali mu thobwa la amayi zaka zonsezi?" ndinafunsa.

"Tsiku lililonse," anayankha, uku akusintha kagalasi.

Chimene ndinaona m'dontho la azakhali sindidzachiiwala. Munali anthu, ndilibe mawu ena. Munadzaza thothotho, popanda poponda, timitengo tating'ono toonda, tina tiwiritiwiri, tina m'mizere yaitali, tonse tikunjenjemera pang'onopang'ono m'kuwala kuja. Pakati pake panali tina tozungulira, tokulirapo, ndipo kena kanali ndi kamwana katatuluka pambali, kasanaduke. Sisi anati tozungulirato ndi yisiti, ndi amene amatulutsa mpweya, ndiye chifukwa chake chigubu sichimangidwa kwambiri. Toondato ndi amene amadya kutsekemera kwa chimera n'kukusandutsa kuwawasa. Anaviika kapepala koyezera m'thobwa lililonse, ndipo timapepala tiwirito tinatuluka mitundu yosiyana. Anati kuwawasa kumeneko ndiwo mpanda. Kukafika msanga, ogona m'timbewu aja sathanso kuswana, ndipo ngakhale kachilombo ka kolera sikapirira malo owawasa chonchi.

"Koma usakanamize anthu kuti thobwa ndi mankhwala," anandichenjeza. "Madzi oipa ndi oipa, manja akuda ndi akuda. Amayi ako amawiritsa kawiri, amavundikira, amasamba m'manja, chikho n'chimodzi. Ndi malamulo omwewa tinamata pakhomawa. Iwo anangowonjezera alonda, ndipo iwe wawathira klorini."

Ndinafunsa kuti alondawo ankakhala kuti thobwa likatha. Anati m'thobwa la pansi, m'chikhungu chija ndinakwecha, ndi m'timabowo ta dothi lenilenilo, chifukwa mbiya ili ndi timabowo tosaoneka. Kalikonse kamagawika pakati n'kukhala tiwiri, tiwiri n'kukhala tinayi, ndipo bola tizidyetsedwa, mzere wake suduka.

Ndinabwezera diso pa makina. "Ndiye awa ndi a ku Ntcheu?"

Sisi ndi munthu wosamala mawu. Anaganiza kaye. "Sindingalumbire. Ena analowa panjira, a m'chimera cha kuno, a m'manja mwa amayi ako ndi azakhali ako. Koma ngati mbewu sinadukepo chiyambire, zidzukulu za amene anakwera basi ija zili momwemo."

Ndinachita mantha, osati mantha othawa nawo, koma aja amakugwira ukaimirira pafupi ndi chinthu chachikulu chimene sichikukudziwa n'komwe. Ine ndinabadwira ku Rutendo, ndimalota m'Chishona, Chichewa changa amayi ankati n'cha m'chitini, ndipo ku Malawi ndinapitako kamodzi kokha, kumaliro, komwe ankanditcha mlendo wa ku Halale. Ndinkaganiza kuti za kumudzi zimene tinatsala nazo ndi nyimbo za kutchalitchi ndi dzina la pa chitupa. Osadziwa kuti kuseri kwa chitseko chathu kunkakhala mtundu wathunthu wamoyo, umene unawoloka malire opanda chiphaso pamiyendo pa mtsikana, n'kuswana usana ndi usiku zaka makumi anayi, fakitale ikuyaka, fakitale itazima, bambo ali moyo, bambo atapita. Mayi amene sanamalize sukulu ankaweta ziweto zimene sanazionepo, ndipo sanaphonye kuzidyetsa ngakhale sabata imodzi. Ndinachotsa diso pa makina chifukwa galasi linayamba kuchita nkhungu ndi misozi yanga.

Mu kombi chigubu ndinachifungatira pamiyendo. Kondakitala anafuna kuchiika kumbuyo ndi katundu, ndipo momwe ndinamuyankhira anthu onse anatembenuka.

Amayi analandira chigubu, anamasula chivindikiro, ananunkhiza, n'kugwedeza mutu kamodzi. Ndinawafotokozera zimene ndinaona, timitengo, kamwana kotuluka pambali, mpanda wa kuwawasa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye makina anuwo avomereza kuti mbiya inali yamoyo?" Ndinati avomereza. "Zikomo kwa makinawo," anatero, ndipo kanali koyamba sabata imeneyo kuona kukamwa kwawo kukufuna kumwetulira.

Mbiya anali ataiwaula kale ndi madzi otentha n'kuiyanika padzuwa. Anathiramo theka la mbewu ya azakhali, n'kumaipendeketsa uku ndi uku kuti inyowetse m'mbali monse mpaka kukhosi, kenako anaisiya imwe. Madzulo amenewo tinaphika phala lambiri panja, m'mgolo wodula pakati. Anandipatsa mthiko kuti nditakase, ndipo nthawi yothira chimera itayandikira anandiuza ndikasambe m'manja, n'kugwira chala changa kuchiviika m'phala. Linali lotentha. Patapita kanthawi anachiviikanso. "Apa," anatero. "Uzikumbukira apa." Titawiritsa kachiwiri n'kupoza, tinadzaza mbiya ndi zidebe zitatu, chilichonse n'kulandira gawo lake la mbewu, n'kuvundikira.

Lachisanu linali lalitali. Achimwene anafika ndi banja lawo, mng'ono wanga anafika, amayi a kutchalitchi anadzaza bwalo ndi nkhuku ndi makabichi, koma ine mtima wanga unali kuseri kwa chitseko. Ndikanati ndilakwitsenso, panalibenso Gaika ina yokapempha, ndipo panalibenso tsiku lina. Kawiri konse ndinapita kukakweza mbale, ndipo kachiwiriko amayi anandimenya padzanja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Ukulowetsa mphepo."

Dzuwa litapendeka anandikodola. Tinalowa m'khitchini, anatseka chitseko, n'kundiuza ndigwade ndiike khutu pamimba pa mbiya. Dothi linali lozizira patsaya. Poyamba ndinkangomva phokoso la panja, kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono kosalekeza, ngati chiswe chikudya mtengo. Ankadya. Ndinakhala chogwada nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Amayi anachotsa mbale, pamwamba panali tithovu, anatunga pang'ono n'kulisunga m'kamwa, maso ali kudenga. Atameza sananene kuti lakoma kapena ayi. Anangoti, "Makapu aja ukabwereke kutchalitchi, sakwanira athuwa."

Loweruka m'mawa tinapita kumanda. Abusa anapemphera, tinaimba, achimwene ndi azakhali anachotsa nsalu yoyera pa chiliza, ndipo amayi anasisita zilembo za dzina la bambo ndi chikhatho. Titabwerera kunyumba anthu anakhala m'magulumagulu, zidebe zinazungulira, koma mbiya yokha amayi anaitulutsa pakhonde, pamene panakhala nkhalamba za ku ng'anjo. Zinatsala zisanu. Mmodzi mwa iwo anali mnzawo wa bambo wa shifiti imodzi, wochokera ku Dedza, amene fakitale itatseka anapita kukakhala kwa mwana wake ku famu ina kufupi ndi Gweru. Maso ake anali atachita ng'ala, moti kapu amayi anachita kumugwiritsa m'manja.

Ine ndinaima pakhomo la khitchini ndi thireyi. Nkhalamba ija inamwa pang'ono, inaima, inamwanso mpaka kapu kuuma. "Mushe sterek!" inafuula m'chilankhulo chakale cha m'migodi, kutanthauza kuti n'chokoma zedi, ndipo anzake anaseka. Koma iyo sinaseke. Inagwira kapu ndi manja awiri.

"Mayi," inatero, "mbiya ija ikadalipo? Ili ndi lomwe lija tinkamwa ndi malemu tikaweruka. Ndamuona pano, wakhala apa, nsapato wavula."

Azakhali anali pafupi, ndipo ndinaona atanditembenukira, nkhani yonse ili kunsonga kwa lilime, bwalo lodzaza anthu oti aimve. Ndinayang'ana pansi kudikira. Amayi ndiwo anayamba kulankhula.

"Ikadalipo, achimwene," anatero. "Mwana wangayu ndiye akuisunga tsopano. Iwe, tula thireyiyo, kasambe m'manja, udzawatungire akuluakuluwa."

Nditabwera anandipatsa chikho chija, chimene chibadwire sindinachigwirepo. Ndinatungira nkhalambayo kapu yachiwiri, ndinatungira enawo, ndipo masana onse ndinakhala pambali pa mbiya. Chikho chitayamba kukhudza pansi, achimwene anga a ku Joni anabwera ndi kapu yawo kufuna la pansi lomaliza. Ndinawakaniza, n'kuvundikira mbiya ndi mbale yake.